Kugwira Chipembedzo ndi Kupyola Malire: Kusiyana Kwake Kuli Pati?

Pali mau amodzi achingerezi amene akhala akutilondola kwa zaka zoposa 40 tsopano. Mauwo ndi akuti fundamentalism. Timawamva pa wailesi, timawawerenga m'nyuzipepala, ndipo kawirikawiri amabwera atagundizana ndi dzina la chipembedzo chathu. Bomba likaphulika ku Mogadishu kapena ku Kabul, mauwa amatuluka. Komanso amatuluka pamene mtsikana wa ku Mangochi wapempha kulowa m'kalasi atavala hijabu, kapena mnyamata wa ku Nkhotakota wasunga ndevu ndipo wakana kudya nyama yosazinga. Zinthu zotalikirana chotere zimaponyedwa m'dengu limodzi ngati usipa.

Kusakaniza kumeneku kumatipweteka pawiri. Poyamba, anzathu a zipembedzo zina amene timakhala nawo mudzi umodzi, amene timakoka nawo khoka limodzi, amayamba kutiyang'ana ndi diso la mantha. Amati ikaola imodzi zaola zonse. Koma kupweteka kwachiwiri ndiko kumatidetsa nkhawa kwambiri ife amene timaphunzitsa ana m'madrasa. Mwana akamamva tsiku ndi tsiku kuti woswali kasanu ndi woponya bomba ali pa msewu umodzi, kungoti wina ali kutsogolo wina m'mbuyo, tsiku lina adzakhulupirira. Adzayesa kuti wa bomba uja ndiye Msilamu wokhwima, ndipo bambo ake amene amangoswali, kusala ndi kupita ku nyanja ndi Msilamu wofooka. Ganizo limeneli ndi labodza, ndipo ndi limene atsogoleri a magulu a zigawenga amafuna kuti ana athu akhale nalo.

Mau a fundamentalism sanabadwire m'Chisilamu. Anabadwira ku America pakati pa Akhristu. Kuyambira 1910 mpaka 1915 kumeneko kunasindikizidwa mabuku 12 otchedwa The Fundamentals, oteteza ziphunzitso zimene olemba ake ankati ndiwo maziko a Chikhristu, ndipo pofika 1920 otsatira ganizoli anali atayamba kudzitchula ndi dzinalo. Atolankhani a kunja anadzalibwereka n'kutiveka ife, makamaka kuyambira 1979 pamene mfumu ya ku Iran inachotsedwa pa mpando ndipo Ayatollah Khomeini anatenga dziko. Malaya obwereka sakwana bwino. Ngati mauwa akunena munthu wogwira maziko a chipembedzo chake, ndiye kuti agogo athu onse ali m'gulumo, pakuti maziko athu ndi odziwika kwa mwana aliyense wa m'madrasa: shahada, swala, zakaat, kusala mwezi wa Ramadan, ndi Hajj kwa amene angathe. Palibe Msilamu amene angachite manyazi ndi zimenezi.

Tsono tisabisale kuseri kwa mfundo imeneyi. Kunena kuti dzina ndi lachilendo sikuchotsa nthenda imene dzinalo likuloza. Nthendayo ilipo, ndipo ili ndi dzina lake m'Chiarabu kuyambira nthawi ya Mtumiki Muhammad (S.A.W.). Imatchedwa ghuluw, kutanthauza kupyola malire pa chipembedzo. Qur'an yolemekezeka, m'Sura ya An-Nisa ndime 171 ndi Sura ya Al-Maida ndime 77, ikuchenjeza anthu a mabuku akale za khalidwe limeneli, pamene m'Sura ya Al-Baqara ndime 143 ikuutcha mtundu wa Asilamu kuti ndi wapakatikati. Pa Hajj yake yotsanzikira, Mtumiki (S.A.W.) anatuma Ibn Abbas (R.A.) kuti amutolere miyala yokagenda ku Mina. Atamubweretsera timiyala ting'onoting'ono, anati tikhale totere, ndipo pomwepo anachenjeza kuti kupyola malire ndiko kunaononga anthu amene analipo kale. Taonani, chenjezo lalikulu chotere linaperekedwa pa nkhani ya kukula kwa mwala.

Mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim akusimbanso za amuna atatu amene anafunsa za kapembedzedwe ka Mtumiki, naganiza kuti iwo ayenera kuonjezera. Wina analonjeza kuswali usiku wonse osagona, wina kusala masiku onse, wina kusakwatira. Mtumiki (S.A.W.) sanawayamikire. Anawauza kuti iye amaopa Allah kuposa iwo, komabe amasala ndi kumasula, amaswali ndi kugona, ndiponso amakwatira. Tsiku lina Mu'adh bin Jabal (R.A.) anatalikitsa swala ya usiku mpaka munthu wina wotopa ndi ntchito ya kumunda anachoka pa mzere n'kukaswali yekha. Nkhani itafika kwa Mtumiki, wodzudzulidwa sanali mlimi uja ayi, anali imamu.

Anthu onsewa sanali oipa. Anali ndi changu, ndipo changu chawo chinaongoledwa chisanapite patali. Munthu wodzisenzetsa katundu wolemera amadzipweteka yekha. Choopsa chimayamba pamene watembenuka n'kuyang'ana anzake amene sanasenze ngati iye. Apa ndi pamene pali malire amene tikufuna owerenga athu awadziwe. Sali pa kutalika kwa ndevu, kapena kufupika kwa buluku, kapena kuchuluka kwa nsalu imene mayi wafunda. Tili nawo abale ambiri ogwira Sunnah molimba amene sanapwetekepo ngakhale nkhuku ya mnzawo. Malirewo ali pa funso ili: kodi munthuyu wadzipatsa yekha mphamvu yoweruza kuti uyu ndi Msilamu, uyu si Msilamu, uyu akhale ndi moyo, uyu afe?

Kumutcha Msilamu kuti ndi kafiri, kumene m'Chiarabu amati takfir, si chipongwe wamba chonga chimene anthu amalalatirana pa dooko. Ndi chiweruzo chokhala ndi mchira wautali. Munthu akatulutsidwa m'Chisilamu ndiye kuti ukwati wake wagwedezeka, nyama imene wazinga sidyedwa, akamwalira saswaliridwa. Kwa anthu opyola malire, magazi ake ndi chuma chake zimasandukanso zololedwa. N'chifukwa chake Mtumiki (S.A.W.) anaphunzitsa kuti munthu akamutcha m'bale wake kafiri, mauwo amagwera mmodzi mwa awiriwo, ndipo ngati wonenedwayo sali choncho amabwerera kwa mwini wake. Usama bin Zayd (R.A.), amene Mtumiki ankamukonda kwambiri, anapha munthu pa nkhondo munthuyo atatamula kale shahada. Podziteteza anati anatamula chifukwa choopa lupanga. Mtumiki (S.A.W.) anamufunsa ngati anang'amba mtima wa munthuyo kuti aone zimene zinali m'katimo, ndipo anabwereza funso lake mpaka Usama analakalaka akanalowa Chisilamu tsiku lomwelo kuti tchimolo lisakhale pa iye. Ngati Swahaba amene anali pakati pa nkhondo yeniyeni sanaloledwe kuweruza mtima, nanga mnyamata amene wamvera ulaliki utatu pa foni?

Anthu a ku Nahrawan

Mtumiki (S.A.W.) anamwalira m'chaka cha 632, ndipo sipanathe zaka 30 nthendayi isanaonekere poyera. M'chaka cha 657 asilikali a Khalifa Ali (R.A.) anakumana ndi a Mu'awiya (R.A.) pa Siffin, m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates, m'dziko limene lero ndi Syria. Nkhondo itafika povuta, mbali ziwirizo zinagwirizana zoleka kumenyana ndi kusankha anthu awiri oti aweruze mlanduwo. Gulu lina la asilikali a Ali linakana. Linati kuweruza n'kwa Allah yekha. Choncho wovomera kuti munthu aweruze wachita tchimo lalikulu. Ndipo wochita tchimo lalikulu watuluka m'Chisilamu. Ndi mfundo zitatu zokhazi anafika pomutcha kafiri Ali, mwana wa Abu Talib amene analera Mtumiki, mwamuna wa Fatima, mmodzi mwa oyambirira kulowa Chisilamu. Anapatuka n'kukamanga msasa wawo, ndipo mbiri imawatcha Makhawariji, kutanthauza otuluka. Ali atamva mfuu yawo ija ananena kuti mauwo ndi oona, koma chimene akufuna kuchita nawo n'chabodza.

Owerenga athu asaganize kuti amenewa anali zidakwa kapena mbava. Anali anthu a zipsera pa mphumi chifukwa chogwetsa nkhope pansi, a maso ofiira chifukwa choswali usiku. Mtumiki (S.A.W.) anali ataneneratu za anthu otere: kuti Maswahaba adzaona swala zawo ndi kusala kwawo ngati n'kochepa poyerekeza ndi kwa iwowo, kuti adzawerenga Qur'an koma siidzatsika kupitirira pa mmero, ndi kuti adzakhala ana a zaka zochepa ndi nzeru zosakhwima.

Olemba mbiri anasunga nkhani imodzi imene mwana aliyense wa Chisilamu ayenera kuimva. Makhawariji anagwira pa njira Abdullah, mwana wa Swahaba Khabbab bin al-Aratt, ali ndi mkazi wake woyembekezera. Akuyenda nawo, mmodzi mwa iwo anatola tende imene inagwa mu mtengo naiponya m'kamwa. Anzake anamudzudzula kuti wadya chinthu cha mwini osalipira, ndipo anailavula. Wina anabaya nkhumba ya munthu wosakhala Msilamu. Anzake anati kumeneko n'kuononga pa dziko, ndipo anapita kukamupepesa mwini nkhumbayo. Abdullah poona izi mtima unakhala pansi, nati anthu oopa Mulungu chotere sangamuchite choipa. Koma atamufunsa za Ali, iye namunenera zabwino, anamugoneka m'mbali mwa mtsinje n'kumuzinga, naphanso mkazi wake. Tende imodzi inawaopsa, magazi a Msilamu sanawaopse.

Tione bwino mmene Ali (R.A.) anachitira nawo. Pamene anali kungolankhula, anawauza kuti sawaletsa kulowa m'mizikiti, sawamana gawo lawo la chuma cha Asilamu, ndipo sayamba iye kuwathira nkhondo. Anawanyamulira zida atayamba kukhetsa magazi, ndipo anawagonjetsa pa Nahrawan m'chaka cha 658. Otsala anasunga chakukhosi. M'mwezi wa Ramadan m'chaka cha 661, mmodzi mwa iwo, Abdur-Rahman bin Muljam, anamutema Ali ndi lupanga la poizoni pa nthawi ya swala ya m'bandakucha mu mzikiti wa ku Kufa. Wakupha Khalifa wachinai anali munthu wodziwa kuwerenga Qur'an, ndipo ankakhulupirira kuti akudziyandikitsa kwa Allah.

Kuchokera pa bala limeneli ma Ulama a Ahlus-Sunnah anamanga mpanda. Imam at-Tahawi, amene anamwalira ku Egypt m'chaka cha 933, analemba m'buku lake la chikhulupiriro kuti munthu wolunjika ku Qibla satulutsidwa m'Chisilamu chifukwa cha tchimo, pokhapokha atanena kuti tchimolo ndi lololedwa. Woledzera ndi Msilamu wochimwa. Wakuba ndi Msilamu wochimwa. Timawalangiza, timawapempherera, ndipo akamwalira timawanyamula pa jeneza.

Nthendayi itadzukanso

M'zaka za m'ma 1900 maiko ambiri a Asilamu anatuluka m'manja mwa atsamunda n'kugwera m'manja mwa olamulira ankhanza. Ku Egypt, ndende za Gamal Abdel Nasser zinadzaza ndi anthu a gulu la Ikhwanul Muslimin, ndipo ambiri anazunzidwa koopsa. Mmodzi mwa akaidiwo, Sayyid Qutb, anatulutsa buku lotchedwa Ma'alim fit-Tariq m'chaka cha 1964, mmene ananena kuti maiko a masiku ano, ngakhale a Asilamu, abwerera mu jahiliya, umbuli wa nthawi imene Chisilamu chinali chisanafike. Anapachikidwa mu 1966. Achinyamata ena anatenga ganizolo n'kulifikitsa pa mapeto ake: ngati dziko lonse lili mu jahiliya, ndiye kuti boma, apolisi, mashehe ndi makolo omwe ndi makafiri. Mtsogoleri wa Ikhwani yemweyo, Hasan al-Hudaybi, anawatsutsa ali m'ndende, ndipo buku lake linadzatuluka mu 1977 ndi mutu wakuti Du'at la Qudat, kutanthauza kuti ndife oitanira, osati oweruza. M'chaka chomwecho gulu la Shukri Mustafa linaba ndi kupha Shehe Muhammad adh-Dhahabi, katswiri wa tafsiri wa ku Al-Azhar amene anali atadzudzula maganizo awo.

Pa 20 November 1979, tsiku loyamba la chaka cha 1400 pa kalendala ya Chisilamu, Juhayman al-Otaybi ndi anthu ake analowa ndi mfuti mu Mzikiti Wopatulika wa ku Makka, natseka zipata, nalengeza kuti mlamu wake ndiye Mahdi. Kwa milungu iwiri tawafu inaima, ndipo anthu mazana anafera pa malo pamene ngakhale kudula mtengo n'koletsedwa. Pa 7 August 1998 mabomba a al-Qaeda anapha anthu 224 ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam, ndipo ochuluka mwa iwo anali Aafirika wamba. Ku Nigeria, zigawenga zinaphulitsa mabomba ndi kuombera anthu pa mzikiti waukulu wa ku Kano pa swala ya Ijumaa mu November 2014, naphetsa oposa 100. Ku Sinai, mu November 2017, anthu oposa 300 anaphedwa mu mzikiti wa ar-Rawda, nawonso pa Ijumaa. Amene amati zigawengazi ndi asilikali a Chisilamu awerenge kaye mitembo imene yatuluka m'mizikiti.

Ndipo si zoona kuti ma Ulama akhala chete, monga ena amanenera. Mu July 2005 ma Ulama 200 ochokera m'maiko 50 anakumana ku Amman, m'dziko la Jordan, nagwirizana kuti wotsatira aliyense wa madhihabu odziwika ndi Msilamu, kuti n'koletsedwa kumutcha kafiri, ndi kuti fatwa siperekedwa ndi munthu wosakwanira maphunziro ake. Mu September 2014, gulu la ISIS litalengeza ukhalifa wake, ma Ulama oposa 120 analembera kalata mtsogoleri wake Abu Bakr al-Baghdadi, kumutsutsa mfundo ndi mfundo kuchokera m'Qur'an ndi Hadith. Vuto n'lakuti kalata ya ma Ulama siimveka patali ngati bomba.

Mau akuti jihad nawo aipitsidwa. Nkhondo m'Chisilamu siilengezedwa ndi kagulu ka anyamata m'tchire. Ndi nkhani ya olamulira ovomerezeka, ndipo ili ndi malamulo. Khalifa Abu Bakr (R.A.) potumiza asilikali anawaletsa kupha akazi, ana ndi okalamba, kudula mitengo ya zipatso ndi kupha ziweto mopanda chifukwa. Mtumiki (S.A.W.) anachenjeza kuti wopha munthu wosakhala Msilamu amene ali pa pangano la mtendere ndi Asilamu sadzamva ngakhale fungo la Janna. Sura ya Al-Baqara ndime 256 ikukana kukakamiza munthu pa chipembedzo, ndipo Sura ya Al-Mumtahana ndime 8 ikutilola kuchitira zabwino ndi chilungamo amene sanatithire nkhondo. Asilamu oyambirira atathawa mazunzo a ku Makka cha m'ma 615, anakabisala kwa mfumu ya Chikhristu ya ku Habasha, kuno ku Africa, ndipo anakhala mwa ulemu pansi pa ulamuliro wake.

Mwina wina anena kuti zonsezi n'zakutali. Koma motowu unayakanso kwa anansi athu. Pa 5 October 2017 anyamata a zida anathira nkhondo malo a apolisi ku Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique. Sanagwe kuchokera kumwamba. Zaka zingapo m'mbuyomo anali atayamba kulowa m'mizikiti atavala nsapato, ena atanyamula mipeni, kunyoza mashehe achikulire, kuletsa ana kupita ku sukulu za boma ndi kunena kuti Chisilamu cha makolo awo si Chisilamu. Atsogoleri a Asilamu a kumeneko anachenjeza boma, koma chenjezo lawo silinalabadiridwe msanga. Umphawi unathandiza kukoleza moto: chigawochi chili ndi gasi pansi pa nyanja ndi miyala ya mtengo wapatali ku Montepuez, koma mnyamata wamba sankaona phindu lake, ndipo wina akabwera ndi ndalama ya mpamba pamodzi ndi ulaliki, ankamumvera. Anthu zikwi aphedwa kuchokera nthawi imeneyo, oposa miliyoni imodzi anathawapo m'nyumba zawo, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Mu April 2020, m'mudzi wa Xitaxi, anyamata 52 anaphedwa, ndipo boma linati chifukwa chake chinali kukana kulowa m'gululo. Kumapeto kwa 2021 zigawengazi zinafika m'boma la Mecula, m'chigawo cha Niassa, chigawo chimene chinachita malire ndi Mangochi ndi Machinga, kumene ambiri a ife tili ndi abale.

Kuno kwathu

Ife a m'mbali mwa nyanja tinalandira Chisilamu chathu kudzera mwa aphunzitsi onga Shehe Abdallah Mkwanda ndi Shehe Thabit Ngaunje, amene ankasonkhanitsa ophunzira pa khonde n'kuwatuma kukaphunzitsa ena. Nafenso takhala ndi mikangano yathu. Akuluakulu akukumbukira bwino za Kadiriya ndi Sukuti: kodi pa maliro tichite sikiri kapena tikhale chete, kodi sadaka ya arubaini ili ndi umboni, kodi khutuba imasuliridwe m'chilankhulo chathu. Mpaka lero timasiyana tsiku loona mwezi. Nkhani zimenezi n'zofunika kuzikambirana ndi maumboni, ndipo wina akhoza kugwira mbali yake molimba ndithu. Kusiyana maganizo pa fiqh n'kwakale. Ambiri a ife timatsata Imam Shafi'i, abale athu ochokera ku India ambiri amatsata Imam Abu Hanifa, ndipo timaima pa mzere umodzi. Imam Malik, Khalifa atafuna kukakamiza Asilamu onse kutsata buku lake la Muwatta, anakana yekha, ponena kuti Maswahaba anabalalikira m'maiko osiyanasiyana ndipo dera lililonse lili ndi maphunziro amene linalandira. Kunena kuti m'bale wanga walakwa pa mfundo iyi ndi mkangano wa m'banja. Kunena kuti m'bale wanga si Msilamu, sindiswali pambuyo pake, sindiyankha salamu yake, ndiko kuponda pa njira ya ku Nahrawan. Ndipo lupangali limacheka mbali zonse: womutcha mnzake mushiriki chifukwa cha sikiri ndi womutcha mnzake chigawenga chifukwa chosachita sikiri, onse awiri alankhula zimene adzafunsidwe.

Sitikunena kuti Msilamu akhale wogonja pa chilichonse. Mu June 2003 Asilamu asanu ochokera kunja anagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti ndi a al-Qaeda, natulutsidwa m'dziko muno ngakhale khothi linali litaletsa. Patatha milungu ingapo anamasulidwa ku Sudan popanda mlandu. Mkwiyo wa Asilamu unali ndi chifukwa chomveka. Koma matchalitchi amene anaswedwa ku Mangochi masiku amenewo sanagwire munthu, ndipo oswawo anangopereka umboni kwa amene ankatinena kale. Tiyerekeze ndi nkhani ya hijabu. Mu November 2019 kunabuka ziwawa pa sukulu ya M'manga ku Balaka, katundu anaonongeka ndipo ana anakhala osaphunzira. Chimene chinatsegula njira sichinali miyala. Anali makambirano aatali pansi pa bungwe la Public Affairs Committee, limene Asilamu akhala mbali yake kuyambira 1992, mpaka mu 2021 atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu anasainirana pangano lolola atsikana athu kuvala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Amene anakhala pa tebulo limenelo sanagulitse chipembedzo chawo. Anachiteteza, ndipo anabwera nacho chimene anapitira.

Tsopano tilankhule ndi makolo. Mwana wanu akabwera kuchokera ku maphunziro kapena ku Joni atasintha, musathamangire kuopa. Ngati wayamba kudzuka m'bandakucha kupita ku mzikiti, wasiya chamba, akuwerenga Qur'an, akufunsa umboni wa zimene timachita, thokozani Allah. Ngakhale atakutsutsani pa mwambo wina mwaulemu, limenelo si tsoka. Chimene muyang'anitsitse ndi ichi: kodi kupembedza kwake kukumufewetsa mtima kapena kukumuumitsa? Akayamba kukana kudya mbale imodzi ndi inu, akamati mashehe onse a m'dziko muno ndi ogulidwa ndipo woona ndi mmodzi yekha wa pa WhatsApp, akamati sukulu ndi chipatala n'za makafiri, akamasangalala poona mavidiyo a anthu akuphedwa, akamabisa anzake atsopano ndi kumene kukuchokera ndalama zake, pamenepo musagone. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukumbutseni kuti Sura ya Luqman ndime 15 ikulamula mwana kukhala bwino ndi makolo ake ngakhale atakhala opembedza mafano, ndi kuti Asma bint Abi Bakr (R.A.) anauzidwa ndi Mtumiki kuti awalandire ndi kuwachitira zabwino mayi ake amene sanali Msilamu. Nanga mayi amene amaswali?

Koma musamuthamangitse pa khomo, pakuti amene anamukopawo ndiwo adzamutsegulira chitseko. Musamunyoze pa gulu. Mupezereni shehe wodziwa ndi wodekha, amene angakhale naye pansi n'kumumvera mpaka amalize. Njira imeneyi si yathu, ndi ya Ibn Abbas (R.A.). Makhawariji atasonkhana ku Harura, nkhondo isanayambe, iye anapempha Ali kuti amulole akalankhule nawo. Anavala zovala zake zabwino napita yekha masana. Anawauza kuti wachokera kwa Maswahaba, amene Qur'an inatsika iwo akuona, ndi kuti pakati pa gulu lawolo panalibe Swahaba ndi mmodzi yemwe. Kenaka anawafunsa madandaulo awo, nawasiya kuti awatchule onse. Anali atatu.

Loyamba linali lakuti Ali analola anthu kuweruza pa nkhani ya Allah. Ibn Abbas anawakumbutsa kuti m'Sura ya Al-Maida ndime 95 Allah mwini wake anaika anthu awiri olungama kuti aweruze dipo la nyama yophedwa ndi munthu amene ali mu ihramu, ndipo m'Sura ya An-Nisa ndime 35 anaika ankhoswe awiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, pa mkangano wa banja. Anawafunsa ngati magazi a Asilamu sali oyenera kuweruzidwa kuposa kalulu. Lachiwiri linali lakuti pa nkhondo ya Ngamira Ali anamenya nkhondo koma sanagwire akapolo. Anawafunsa ngati akanafuna kugwira ukapolo mayi wawo Aisha (R.A.), amene Qur'an ikumuwerengera mwa amayi a okhulupirira. Lachitatu linali lakuti Ali anavomera kufufuta udindo wake wa Mtsogoleri wa Okhulupirira m'kalata ya mgwirizano. Anawakumbutsa kuti pa Hudaybiya, Akuraishi atakana mau onena kuti Muhammad ndi Mtumiki wa Allah, Mtumiki (S.A.W.) anavomera kuti afufutidwe m'pangano, ndipo mlembi wa tsiku limenelo anali Ali yemweyo. Pa mfundo iliyonse ankawafunsa ngati yatha, iwo n'kuvomera. Anthu zikwi anatuluka mu msasawo n'kubwerera ku Kufa. Amene anatsala ndi aja anakafera ku Nahrawan.